Kansalu Konyowa ka a Jacinta

Achemwali anga a Jacinta anali azamba a dera lathu lonse, kuyambira ku Naisi kutsika mpaka kumadimba a mpunga a m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Akhristu, Asilamu, ngakhale amene sankaponda kutchalitchi kapena kumzikiti, mayi akangoyamba kudwala ankathamangitsa munthu kwathu. Ine ndine Alesi, mng'ono wawo wa bere limodzi, ndipo nyumba zathu zinali zoyang'anana. Ine pakamwa panga sipachedwa, zimenezo aliyense akudziwa. Iwo ayi. Anali munthu wamfupi, wa manja aakulu ngati a mwamuna, woti mutha kupalira naye tsiku lonse osamva mawu ake. Ndinkaganiza kuti palibe chawo chimene sindikuchidziwa. Ndinkadzinamiza.

Makolo athu anachoka ku Mozambique wapansi, achemwali ali kumsana, ine ndisanabadwe. Achemwali anabatizidwa ali namwali kale, ataphunzira katekisimu zaka zitatu pansi pa mtengo wa mango, ndipo posakhalitsa anakwatiwa. Mwana wawo woyamba anabadwa dzinja lina Domasi atadzaza mpaka kukokolola mlatho wa mitengo. Kamwanako kanakhala masiku awiri basi. Ansembe anali kutsidya, pamudzi panalibe wodziwa chochita. Anakakaika amayi okhaokha kumphepete kwa manda, popanda kulira, monga timachitira ndi khanda limene silinatuluke m'chikuta.

Madzi ataphwa, achemwali anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukafunsa asisitere ena achizungu kuti mwana wawo ali kuti tsopano. Asisiterewo anawayankha mokoma mtima ndithu. Anati ali ku Limbo, malo opanda moto, opanda ululu, koma kumene munthu saona nkhope ya Mulungu, ndipo amake sadzamupezako. Kenaka anawonjeza kuti imfa ikayandikira munthu aliyense angathe kubatiza, bola akhale ndi madzi ndipo adziwe mawu ake. Akanadziwa zimenezo, akanamubatiza okha.

Mawu amenewo, akuti akanamubatiza okha, ndi amene anawadya achemwali moyo wawo wonse. Anabereka ana ena anayi, onse anakula, koma za woyambayo sanatchulenso.

Atayamba uzamba ankayenda ndi kansalu koyera, kong'amba ku thumba la mchere. Khanda likabadwa lofooka, losalira, milomo itada, ankachita zonse zimene mzamba amachita, kulitikita, kuliyamwa mphuno, kuliuzira mpweya. Zikakanika ankaviika kansaluko m'beseni n'kufinyira madzi paliwombo katatu, milomo yawo ikugwedera koma mawu osamveka. Ine ndinawaonapo kangapo, poti nthawi zambiri ndinkawaperekeza. Tonse tinkati ndi nzeru ya Chilomwe yotsitsimutsira khanda, imene anaphunzira kwa amayi athu. Ine, mwana wa amayi omwewo, sindinadzifunsepo kuti nanga bwanji ine sanandiphunzitse. Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Mnzawo wapamtima anali a Mwanahamisi, Msilamu, mkazi wa a Hamadi amene ankagula mpunga m'midzi n'kumakagulitsa ku Zomba panjinga. Madimba awo anagundana malire. Ankaokera limodzi, kuingitsa mbalame limodzi, kumweta limodzi. Mwezi wa Ramadani a Jacinta sankatafuna kanthu kudimba mnzawo akuona, ndipo nthawi ya Lenti a Mwanahamisi ankawatumizira matemba Lachisanu. A Mwanahamisi anali aang'ono kwambiri kwa iwo, ankawaitana kuti achemwali monga ine ndemwe. Sindibisa, nsanje inkandigwira.

Mayi ameneyu anali ndi tsoka la ana. Awiri oyamba, wamwamuna ndi wamkazi, anamwalira tsiku lomwe anabadwa, m'manja mwa a Jacinta. Wachitatu, mu 1965, anabadwanso ali zii. Achemwali anafinya kansalu kaja katatu, ndipo mwanayo anayetsemula n'kulira mpaka anamveka kuseri kwa nkhokwe. Ndiye Lukiya ameneyo. Kuyambira tsikulo a Mwanahamisi ankauza aliyense, kuchitsime, kumsika, kumaliro, kuti mwana wawo anadzutsidwa ndi madzi a a Jacinta. Achemwali akamva zimenezo ankangoyang'ana pansi, ife n'kumati ndi kudzichepetsa.

Mu 1973 parishi inatitumizira katekisiti watsopano, a Mateyo, bambo waulemu amene anali atangomaliza kumene maphunziro ake. Anayambitsa sukulu ya akuluakulu, Lachitatu lililonse masana, m'katchalitchi kathu kofolera udzu. Siinali ya ofuna ubatizo ayi, inali ya ifeyo obatizidwa kalekale. Ine ndinanyinyirika. Zaka makumi atatu ndikulandira Ukaristia, lero andikhazikenso pa benchi ngati mwana wa sitandade wani? Zinthu zinali zitasintha kale mokwanira, Chilatini chinatha, ansembe anatembenuka n'kumayang'ana ife pa Misa. A Mateyo anangoseka nati katekisimu imene tinaloweza tili atsikana inatikwana nthawi imeneyo, koma tsopano takula. Achemwali ndiwo sankajomba. Kuwerenga sankadziwa, koma ankakhala kutsogolo, makutu ali tcheru.

Lachitatu lina phunziro linali la ubatizo. A Mateyo anati pangozi ya imfa Mkhristu aliyense angabatize, inde, koma masiku ano abambo ansembe akutichenjeza kuti mwana wa eni ake tisamamubatize mobisa. Makolo adziwe, avomere, chifukwa mwanayo akachira ndi Mkhristu, ndipo wina ayenera kumulera m'chikhulupiriro. Anatinso Asilamu anzathuwa amapembedza Mulungu mmodzi, mpingo umawalemekeza, ndipo Mulungu ali ndi njira zake zofikira anthu zimene ife sitizidziwa.

Apo ndinaona dzanja la achemwali lili m'mwamba. Chiyambire sukuluyo anali asanafunsepo kanthu.

"Nanga khanda lomwalira losabatizidwa, aphunzitsi? Ku Limbo kuja?"

A Mateyo anakanda m'mutu. Anati kunena zoona za Limbo palibe amene akudziwa bwinobwino, ngakhale ophunzira kwambiri, ndipo ambiri tsopano akuti ana oterowo tiziwasiya m'manja mwa Mulungu, amene chifundo chake n'chachikulu kuposa chathu. Amayi ena anaomba m'manja. Achemwali anangotsitsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kulikhazika pamwendo.

Pobwerera, titafika pakati pa madimba, achemwali anakhala pansi pa chulu. Ndiye anandiuza. Kansalu kaja sikanali ka Chilomwe. Pofinya madzi katatu ankanena chamumtima kuti ndikubatiza iwe m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Ana a Akatolika ankakanena kwa ansembe monga mwa lamulo, amenewo analibe nawo nkhawa. Koma panali ena khumi ndi anayi amene sananene kwa munthu, ana a Asilamu ndi a mipingo ina. Aliyense anamupatsa dzina, ndipo tsiku lililonse ankawatchula mayinawo popemphera korona. Awiri a a Mwanahamisi aja anali Isaki ndi Agata. Onse anamwalira kupatula mmodzi. Lukiya, amene ankapita ku madrasa ndi kansalu kumutu, iwo ankamudziwa kuti ndi Sesiliya.

Anati zaka zonsezo ana amenewo ankawatonthoza mtima. Akatseka maso popemphera ankawaona atakhala pamzere pamalo owala, ali phee, okhuta. Koma lero ali pa benchi paja anawaonanso, ndipo onse anali atatembenuka kuyang'ana iwo, ngati ana amene munthu wawatola pamsika osauza amawo.

Ine ndinapsa mtima, ndipo mantha ndi amene anandipsetsa. Ndinawauza kuti nkhani imeneyi ithere pachulu pomwepo. Chitsime chathu ndi chimodzi ndi anthu amenewa, pamaliro timathandizana kukumba, mpunga wathu amagula ndi a Hamadi. Akamva kuti azamba amene ankawakhulupirira ankawalowetsera ana mu mpingo wina iwo ali m'ululu, ndani adzatipatsenso moni? Akufa anafa, Lukiya ali bwinobwino, palibe chimene chaonongeka. Achemwali anadzuka, anasasa chitenje, tinapita.

Pa Misa yotsatira sanapite kukalandira Ukaristia. Inayo chimodzimodzi. Anthu anayamba kunong'onezana, poti kwathu kuno mayi wachikulire akasiya kulandira aliyense amafuna adziwe tchimo lake. Ansembe ankabwera kwathu kamodzi pamwezi pa njinga yamoto, ndipo atabweranso achemwali anakalapa, anakhalitsa ndithu mpaka pamzere anthu anayamba kutsokomola. Pambuyo pake anandiuza okha kuti abambo anawakhululukira, anati anachita zimenezo chifukwa cha chikondi ndi kusadziwa, asiye basi, ndipo sakuwakakamiza kuuza aliyense. Ndinati ndiye zatha, tiyamike Mulungu.

"Abambo andikhululukira," anatero, "koma anawo si a abambo."

Anaonda. Korona ankapempherabe, koma ndikamawamva kuseri kwa nyumba masana, pofika pa mayina paja mawu ankawathera. Kusukulu ya a Mateyo sanasiye. Ankapita, kumvetsera za chikumbumtima, za kukonda mnansi, n'kubwerako ali chete kuposa kale. Ine ndinafika podana nayo sukulu imeneyo. Ndinawauza a Mateyo pamaso kuti maphunziro awo akudwalitsa anthu. Bambo wachisoni, sanadziwe n'komwe chimene ndinkanena.

Chaka chotsatira, patapita zaka zisanu ndi zinayi chibadwire Lukiya, a Mwanahamisi anaima. Anali atayandikira zaka makumi anayi, ndipo iwo eni anali atataya kale mtima. Anabwera pakhomo pathu ndi lichero la mpunga watsopano, akuseka ngati mtsikana, nauza achemwali kuti akonzeke, ndipo chonde asadzaiwale kansalu kawo kaja. Achemwali analandira licherolo ndi manja awiri. Mlendo atachoka anakhala pakhonde n'kumayang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku. Anati manja amenewa sakuwakhulupirira. Khanda likadzabadwa lofooka adzapita okha m'beseni, iwo asanaganize n'komwe. Ndipo ulendo uno adzakhala akudziwa chimene akuchita.

Ndinawapatsa njira zonse. Auzeni akachirire kuchipatala ku Zomba, poti ndi wamkulu. Namizirani kudwala. Pitani kwa mwana wanu ku Blantyre mukakhaleko miyezi iwiri. Anakana zonse. Anati akathawa, mnzawo adzachira m'manja mwa munthu wosadziwa ntchito, ndipo akapita osanena, adzamuberanso. Anangondipempha kuti ndiwaperekeze akawauze a Mwanahamisi zonse. Ndinatukwana, koma ndinapita.

Tinawapeza a Mwanahamisi akuyanika mpunga pamphasa, dzuwa lili pamutu. A Hamadi anali ku Zomba. Achemwali anapempha kuti Lukiya apite kuchitsime, kenaka anagwada pansi, munthu wamkulu kugwadira wamng'ono. Anayamba ndi za Lukiya. Anafotokoza za kansalu, za mawu, za dzina lakuti Sesiliya. A Mwanahamisi poyamba anadabwa, kenaka anaseka. Anati madzi ndi madzi, Lukiya ndi Lukiya, amaswali kumzikiti, amadziwa kwawo, ndipo ngati mawu a Chikatolika ndi amene anamuyetsemulitsa ndiye zikomo kwa mawuwo. Anawauza kuti adzuke, akudetsa chitenje. Ine mtima unakhala pansi, ndinayamba kale kuganiza zowaseka achemwali panjira.

Koma achemwali sanadzuke. A Mwanahamisi anapitiriza kutembenuza mpunga ndi dzanja, kenaka dzanjalo linaima.

"Nanga awiri aja?"

"Nawonso."

Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha mpunga pamphasa, palibe anaiingitsa. A Mwanahamisi atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika, opanda ukali, ndipo ine ndikanakonda akanatilalatira.

"Tsiku limene ndinaika wachiwiri, ashehe anandiuza kuti ana omwalira ali makanda amadikira amawo pakhomo la ku Janna, kumwamba. Salowa mpaka atawagwira dzanja. Zaka zonsezi ine ndakhala ndi mawu amenewo, ndi amene ankandidzutsa m'mawa. Ndiye mundiuze, achemwali. Ana anga akudikira pakhomo la ndani?"

Ine ndi pakamwa pangapa ndinalowererapo, ndinatulutsa zonse za a Mateyo zimene ndinkazinyoza zija, kuti Mulungu ndi mmodzi, khomo lake ndi limodzi, ali ndi njira zake. A Mwanahamisi anandiyang'ana nandifunsa kuti ngati khomo ndi limodzi, nanga anavutikiranji kuwasamutsa? Analowa m'nyumba n'kukoka chitseko, ife tinabwerera.

Zimene ndinkaopa sizinachitike. A Mwanahamisi sanauze amuna awo, sanauze ashehe, sanauze aliyense. A Hamadi anapitiriza kutipatsa moni ndi kugula mpunga wathu. Koma miyezi iwiri yathunthu amayi awiriwa ankakumana panjira ya kudimba ngati anthu osadziwana. Lukiya akathamangira kwa achemwali monga ankachitira kale, amake ankamuitana. Achemwali anayambanso kulandira Ukaristia, koma sindinganene kuti anapeza mtendere. Funso lija ankayenda nalo. Anakawafunsa a Mateyo, osatchula dzina la munthu, ndipo a Mateyo anavomera kuti iwonso sakudziwa.

M'mwezi wa Seputembala matenda a a Mwanahamisi anayamba m'mamawa. Anaitana mayi wina wachikulire wa kufupi ndi mzikiti, ife tinangomva kwa anthu. Achemwali tsiku limenelo sanapite kulikonse, anakhala pakhonde atavala kale. Dzuwa litafika pamutu kunabwera apongozi aakazi a a Mwanahamisi, thukuta lili kamukamu, nati mwana wagona mopingasa, mayi uja zamukanika, ndipo wodwalayo watchula dzina la a Jacinta.

Tisanalowe, achemwali anasamba m'manja panja, anapukuta mpaka kuuma, natulutsa kansalu kaja m'chiuno n'kundipatsa ine. M'nyumbamo munali amayi anayi. A Mwanahamisi anali atatheratu mphamvu, koma atationa anadzutsa mutu.

"Beseni lituluke. Madzi agwire wina."

Amayi aja anayang'anana, anaganiza kuti ululu wawasokoneza mutu. Achemwali anandituma ndi maso, ndinalitulutsa. Kenaka anatambasula manja awo ouma pamaso pa mnzawo, ndipo anayamba ntchito. Ndaona azamba ambiri, koma zimene anachita tsiku limenelo sindinazionenso. Anamutembenuza mwanayo pang'onopang'ono, akulankhula ndi mayiyo motsitsa ngati palibe chinachitikapo pakati pawo. Dzuwa litapendeka pang'ono anabadwa, wamwamuna, wamkulu bwino, koma ali lobodo, milomo yakuda.

Anamutikita, anamuyamwa mphuno, anamuuzira mpweya. Kachifuwa kanakwera kamodzi, kawiri, n'kumakoka movutika. Anaitana a Hamadi pakhomo, bamboyo ananena mawu a Chisilamu m'khutu mwa mwana wawo monga amachitira, misozi ikutsika, n'kumubweza. Mpweya unkacheperachepera. Apo amayi aja anayamba kukuwa kuti kansalu kaja, madzi aja, a Jacinta mukudikira chiyani. Apongozi anathamanga kukatenga beseni okha n'kuliika pamiyendo pa achemwali, madzi akukhavukira. Anawakumbutsa za Lukiya, anawagwira mapewa n'kumawagwedeza. Ine kansalu kanali m'manja mwanga, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinakatambasula kuti atenge.

Achemwali anayang'ana a Mwanahamisi. A Mwanahamisi anayang'ana beseni, anayang'ana mwana, nthawi yaitali ndithu. Nawonso ankakumbukira za Lukiya, zimenezo ndinaziona. Kenaka anapukusa mutu.

Achemwali anakankhira beseni kumbali ndi bondo. Anawerama n'kupitiriza kumuuzira mpweya mwanayo, kumutikita ndi manja ouma, mpaka pamene panalibenso chotikita. Atatsimikiza, anamukulunga bwinobwino n'kumuika pachifuwa pa amake. Manja awo anawapana m'khwapa.

A Mwanahamisi anamufukata mwanayo. Sanalire. Anayang'ana achemwali n'kunena kuti, "Uyu ndi wanga. Uyu yekha ndidzamupeza."

Amayi aja sanamve tanthauzo lake, ndipo palibe anawafotokozera. Chimene anaona ndi chakuti a Jacinta anali ndi madzi pamiyendo, mwana akufa, n'kumumana. Tisanafike n'komwe kumsewu nkhani inali itatsogola kale. Kuyambira tsiku limenelo palibe anathamangitsanso munthu kwathu, Msilamu kapena Mkhristu, ndipo achemwali sanadziteteze ngakhale kamodzi.

Tikuyenda m'madimba, dzuwa likadalipo, anandifunsa ngati ndinaona kuti mwana uja anatsegula maso kamodzi n'kuwayang'ana, nthawi imene ankakankha beseni. Ndinati sindinaone, m'nyumbamo munali mdima. Ndinanama.